Tsiku Limene Ndinaba Mbuzi ya Apongozi Pamaso pa Apolisi

Mpaka lero ndikamva wezulo, ngakhale wa woimbira mpira, ndimayamba kuyang'ana kothawira. Ana anga amadziwa zimenezi, ndiye akafuna kundiseka amangoika zala ziwiri pakamwa. Ndaganiza zoulula ndekha nkhaniyi chifukwa imene ikuyenda pa bawo pa Nsaru yachuluka mchere. Ena afika ponena kuti ndinagona m'chitokosi masiku atatu, pamene ine sindinapondemo n'komwe.

Kwathu ndi cha ku Nambuma, koma ndinakwatira kuno kufupi ndi Nsaru, ndipo nthawi imeneyo n'kuti nditatha zaka zisanu ndi ziwiri pachikamwini. Inu amene simunakhalepo pachikamwini thokozani Mulungu. Munda si wako, mango amene unabzala wekha si ako, ngakhale kutsokomola umachita kupempha. Kwathu ndinali nditamanga nyumba ya njerwa zootcha, dimba la mayi anga likungomera bango, choncho mtima wanga unkafuna chinthu chimodzi chokha: chitengwa, kuti andilole kutenga mkazi wanga Nambewe ndi ana n'kukakhala nawo kwathu. Ankhoswe anga anayenda maulendo atatu, ndipo ulendo wachitatuwo anauzidwa kuti adzamve yankho Lamulungu la sabata yachiwiri. Mwamwambo woyankha ndi malume ake a mkazi, koma mudzi wonse unkadziwa kuti malumewo amangobwereza zimene amva kwa mlongo wawo, apongozi anga a Nankhoma.

Ine ndi apongoziwa tinali tisanalankhulanepo maso ndi maso chikwatirire. Si udani ayi, ndi ulemu wakuno. Tikakumana m'njira ine ndinkapatukira kutchire, iwo n'kutembenukira kumbali, chitenje kumaso. Uthenga uliwonse unkadzera mwa Nambewe, ngakhale tonse atatu titakhala pabwalo limodzi. (Ulemu umenewu unandipondetsa minga kambirimbiri, ndipo tsiku lina unandigwetsera m'dzenje loumbira njerwa.)

Ndinalinso membala wa komiti ya chitetezo cha m'mudzi, aja ena amati apolisi a m'mudzi. Ndinalowamo dala kuti akuchikazi aone kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba. Chaka chimenecho kuba mbuzi kunanyanya, ndipo anthu akagwira wakuba sankadikiranso apolisi, ankamaliza okha mlandu ndi mipini ya makasu. Ndiye bungwe lina la boma lochokera mumzinda linadzipereka kuthandiza apolisi kukonza tsiku lalikulu la chitetezo pabwalo la sukulu. Tsikulo linagwa Loweruka, Lamulungu langa lija lili mawa lake. Anatitumiziratu matisheti, majekete onyezimira, matochi ndi katoni yodzaza mawezulo. Analonjezanso tenti, chimkuzamawu, mpira wa miyendo ndi wa manja, komanso njinga yakapalasa yatsopano yodzapatsa munthu amene waonetsa chitsanzo pa nkhani ya chitetezo. (Njinga imeneyo ndinali nditaigulira kale belu mumtima mwanga.)

Mawezulo anagawidwa kutatsala sabata imodzi, ndipo ntchito yophunzitsa amayi a m'mudzi mwathu kagwiritsidwe kake inagwera ine. Ndinavala jekete lonyezimira dzuwa likuswa mtengo, n'kuima pachulu ngati nduna.

"Mukaona kuti chiweto chasowa, imbani katatu," ndinatero. "Kenako itanani anzanu mutsate mapazi. Mukamugwira wakubayo musamumenye, mukampereke kwa apolisi ali wathunthu. Mwamva, amayi?"

"Tamva!"

Apongozi anakhala kumapeto kwenikweni atandilozetsa nkhongo, moti ndinkaganiza kuti angobwera kudzalandira wezulo. Sindinadziwe kuti wophunzira wanga wanzeru kuposa onse anali iwowo.

Apolisi anapempha kuti komiti yathu ikonze sewero loletsa kumenya akuba. Wapampando wathu, a Jelemiya, atayamba kugawa mbali, aliyense ankafuna kukhala wachitetezo wopulumutsa munthu, koma pa wakuba palibe anaimika mkono. Ine ndinadzipereka, poona kuti wakuba ndiye amakhalitsa pabwalo, alendo amuona bwino. Ndili m'njira yobwerera kunyumba m'pamene zinandifikira kuti munthu wopempha chitengwa safunika kuoneka akukwawa ndi mbuzi yakuba pamaso pa akuchikazi, ngakhale mwasewero. Ndiye ndinapita pa kaunjika n'kugula chisoti chaubweya, chija chobisa nkhope yonse n'kungosiya maso. Mnzanga wogwira ntchito pa esiteti ya fodya anandibwereka chikhothi ndi majombo. Nditavala zonsezi ngakhale galu wanga anandiuwa, ndipo ndinadzitama kuti ndine wochenjera.

Vuto linabwera pa mbuzi. A Jelemiya anati tingotenga thumba la mankhusu, tilimange chingwe, anthu adziwa okha kuti ndi mbuzi.

"Apampando," ndinatero ine, "alendo achoke ku Lilongwe, awotche mafuta a boma, kudzaonera thumba la mankhusu? Mbuzi yeniyeni ndibweretsa ndine."

Anzanga anandiombera m'manja. Paja amati mkamwini asamakule mwendo, koma ine chimene chinandikula ndi pakamwa, chifukwa pakhomo panga panalibe ngakhale mchira wa mbuzi.

Lachisanu madzulo ndinakhala pansi ndi mkazi wanga.

"Nambewe, mukawauze mayi kuti mawa ndibwereka mbuzi yawo yoyera ija. Ikangosewera pang'ono, masana ibwera."

"Yong'ambika khutu ija? Bambo a Tereza, imene ija amaikonda ngati mwana."

"Ndiye yabwinoyo, yozolowera anthu."

"Chabwino, ndiwauza akabwerako ku maliro."

Apongozi anali atapita ku maliro kutsidya kwa dambo, ndipo ine ndinangoti abwera madzulo omwewo. Sanabwere, anagona konko pasiwa. Nambewe naye anali m'gulu la amayi ophikira alendo, choncho analawirira m'bandakucha ndi mapoto pamutu ine ndikadali m'tulo. Podzuka ndinasuzumira kunyumba kwa apongozi ndili patali, ndinaona chitseko chotseka, ndipo ndinati akupumula. Kukagogoda sindikanatha, nanga mkamwini amagogoda pakhomo pa apongozi? Ndinangotsegula khola, kumanga mbuzi chingwe, ulendo kusukulu, majombo ali fwa fwa m'fumbi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Pabwalo la sukulu panali pokoma tsiku limenelo, zimenezo sindingakane. Tenti yoyera, mipando yapulasitiki, magalimoto atatu a bungwe lija atandanda pansi pa bulugamu, anthu ochokera mpaka ku Kabudula. Koma ine zambiri ndinangozimva, chifukwa a Jelemiya anandibisa kuseri kwa kalasi kuti anthu asandione sewero lisanayambe. Ndinakhala kumeneko kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili paliwombo, chisoti chaubweya kumutu mwezi wa Okutobala, thukuta likutsikira m'majombo. Analankhula a komiti ya sukulu, analankhula akhansala, analankhula a Sajeni a polisi yathu, kenako bwana wa bungwe lija anawerenga mapepala anayi. Mbuzi inatopa nazo. Kawiri konse inandipulumuka kuthamangira kudimba la aphunzitsi, mpaka ndinapsa mtima n'kumanga chingwe chake padzanja langa ndi mfundo yoti angamasule ndi mpeni wokha. (Mfundo imeneyi muikumbukire.)

Sewero linali losavuta. Ine ndilowe pabwalo monyang'ama ndi mbuzi, ndizungulire kawiri kuti alendo andione. A Jelemiya, monga mwini mbuzi, aimbe wezulo katatu. Anzathu anayi andithamangitse n'kuyamba kundikwapula ndi mapesi, kenako ovala majekete andilanditse n'kundipereka kwa a Sajeni. Basi, anthu aombe m'manja, ine ndikavule kuseri popanda wondizindikira.

Woyendetsa mwambo atalengeza sewero, ndinalowa. Abale, ndinasewera. Ndinayenda chowerama, kuyang'ana uku ndi uku, kubisala kuseri kwa mbuzi, anthu ali kikiki. Ndinaona bwana uja akuloza ine n'kumauza mnzake kanthu, ndipo mumtima ndinamva belu la njinga likulira. Ndisanamalize kuzungulira koyamba, wezulo analira katatu. Ndinati a Jelemiya afulumira, koma nditawayang'ana ndinaona wezulo wawo akulendewera pachifuwa, iwonso akutembenuka kufunafuna woimbayo.

"Mbuzi yanga iyo! Mgwireni!"

Mawu amenewo ndinkawadziwa. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinkawamvera kuseri kwa mpanda. Khamu linang'ambika pakati, ndipo anatulukira apongozi anga, duku la ku maliro likadali kumutu, wezulo pakamwa, kumbuyo kwawo amayi atatu a mphakati wathu atamanga zitenje m'chiuno.

Anthu amandifunsa kuti bwanji sunangoima n'kufotokoza? Funso la anthu osadziwa chikamwini limenelo. Miyendo yanga inali itaphunzira kwa zaka zambiri kuti ikaona apongozi kutsogolo imapatuka yokha osafunsa mutu. Ndinaliyatsa liwiro kulowera kugolo. Koma apongozi anangoitana kamodzi mmene amaitanira akamapereka madeya, ndipo mbuzi inatembenuka kuthamangira kwa mwini wake. Ine kumadzulo, mbuzi kum'mawa, pakati pathu mfundo ija. Majombo obwereka anandikulira, limodzi linavuka, ndipo ndinagwa chagada fumbi lili kobo. Mbuzi inandikoka mpaka kukandisiya pamapazi pa apongozi ngati katundu wotumizidwa.

Bwalo lonse linaimirira. Anthu ankaganiza kuti ndi sewero lomwelo, ndipo a Jelemiya ankaganiza kuti ndawonjezera ndine mbali zimenezi mwachinsinsi. Anzathu a mapesi aja anathamangira kudzachita mbali yawo, mmodzi wa amayi a mphakati nayenso anatola jombo langa n'kulikweza m'mwamba. Apongozi anandigwira kolala ya chikhothi ndi dzanja limodzi, lina n'kutchinga.

"Iyayi! Asamukhudze munthu!"

Woyendetsa mwambo anathamanga n'kuwaikira maikolofoni pakamwa.

"Ine ndine Nankhoma," anatero, mawu akumveka mpaka kumsika. "Ndabwerako ku maliro m'mawa uno, ndapeza mbuzi yanga yoyera mulibe m'khola. Ndaimba katatu. Ndaitana anzangawa, tatsata mapazi a jombo mpaka pano. Taonani kupanda manyazi, kuba mbuzi n'kubwera nayo pamaso pa boma! Koma musamumenye. Mkamwini wanga, bambo a Tereza, anatiphunzitsa kuti wakuba timampereka wathunthu. Ndi munthu wamakhalidwe mkamwini wanga uja, zaka zonsezi sanandipondepo chithunzithunzi, denga langa amafolera osauzidwa. Ali kuti kodi? Muitaneni adzaone zipatso za maphunziro ake."

Ndikuuzeni zoona, misozi inalengeza m'chisoti muja. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinkafunitsitsa kudziwa ngati mayi amenewa amandiwerengera, ndipo yankho ndinalimva nditagwada m'fumbi, phazi limodzi lopanda jombo, dzanja lawo lili pakhosi panga.

"Bambo a Tereza!" chinabangula chimkuzamawu. "Bambo a Tereza, kulikonse kumene muli, apongozi anu akukufunani pabwalo!"

Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Ndinayang'ana a Jelemiya kuti andipulumutse, koma apa n'kuti atazindikira zimene zachitika, ndipo anali atagwira mtengo wa tenti, mapewa akugwedezeka ndi kuseka, misozi ili mbwe. Anafika a Sajeni, amene ankadziwa kuti kuli sewero koma osadziwa osewera ake, akuyenda monyadira kuti alendo awaone.

"Mwachita bwino mayi. Tsopano tiyeni timuone nkhope kabwerebwere ameneyu."

"Bwana," ndinanong'ona, "chonde ndikavulire kupolisi."

"Ukuti chiyani iwe?"

"Ndimangeni bwana, tiyeni tizipita. Ndikavulire konko."

Sindikudziwa ngati m'mbiri ya polisi ya Nsaru munapezekapo munthu wina wochonderera unyolo ngati ine. Koma apongozi analibe nthawi yodikira. Anagwira chisoti pansonga n'kuchizula ngati akuzula chinangwa.

Tinayang'anana. Kanali koyamba kuona nkhope yawo pafupi chotero, ndipo ndinadabwa kuti Tereza wanga anatengera mphuno ya agogo ake.  Kenako apongozi anakumbukira mwambo, anatembenuzira nkhope kumbali n'kudziphimba ndi nsonga ya chitenje. Koma kolala sanaisiye.

Phokoso limene linatsatira sindinalimveponso, ngakhale pa chigoli cha fainolo. Amayi ena anakhala pansi, abambo ankamenyana pamsana, wapolisi wina anavula chipewa n'kubisamo nkhope. Nambewe anatulukira kuchokera kophikira, mthiko uli m'manja, ndipo atationa anagwira pakamwa.

"Mayi! Kalanga ine! Anandituma kuti ndikuuzeni, koma simunabwere dzulo!"

Apongozi sanandiyang'ane. Woyendetsa mwambo, munthu wopanda chisoni, anasendezanso maikolofoni.

"Nambewe, uwafunse bambo a Tereza ngati mbuzi yanga inawauza kuti ikufuna kudzaonera sewero."

"Nambewe," ndinayankha ndikuyang'ana pansi, "muwauze mayi kuti ndinangobwereka."

"Uwauze kuti wobwereka amadikira mwini wake avomere."

"Muwauze kuti ndalakwa."

"Uwauze kuti ndamva."

Mkazi wanga ankangotembenuza mutu uku ndi uku, poti chimkuzamawu chinali chitamulanda ntchito. Apa m'pamene a Sajeni anayamba kukayika.

"Mayi, tandiuzani bwino. Ili ndi sewero kapena mukudandauladi? Ngati mukudandaula, tipite naye tikatsegule fayilo."

Apongozi anayang'ana mbuzi yawo, imene inkabzikula pafupi ndi khutu langa. Kenako anamasula dzanja.

"Mlekeni. Mvula yayandikira. Akamangidwa, m'munda mwanga agalauza ndani?"

Bwana wa bungwe uja anatsika mu tenti akupukuta magalasi. Anati wayenda maboma ambiri koma sanaonepo sewero logwira mtima chotere, lophunzitsa kuti wakuba sachokera kutali. A Jelemiya atamunong'oneza kuti theka lake silinali sewero, bwanayo anasangalala koposa. Anati ndiye kuti zipangizo zawo zagwiradi ntchito: mayiwa aimba wezulo, atsata mapazi, agwira munthu, aletsa kumumenya, kodi chitsanzo china n'chiti? Njinga inaperekedwa kwa apongozi. Anatijambulanso chithunzi, iwo atagwira njinga, mbuzi pambali, ine nditagwada pakati. (Chithunzicho chinatuluka pa kalendala ya bungwelo, ndipo chinakhala pakhoma kuchipatala chathu chaka chathunthu. Ndinadwala malungo kawiri osapitako.)

Lamulungu ankhoswe anga anafika atavala jekete, nkhani ataimvera kale mu minibasi. Tinakhala pamkeka, ine maso pansi. Malume ake a Nambewe anakonza kukhosi n'kunena kuti asanayankhe, mlongo wawo ali ndi mawu. Ndinkayembekezera kuti alankhulira m'nyumba monga mwa nthawi zonse, koma anatuluka n'kukhala moyang'anizana nane, chitenje osaphimba.

"Bambo a Tereza, dzulo ndinakugwirani pakhosi anthu akuona, ndiye zamanyazi zatha. Lero ndilankhula nanu ndekha. Za mbuzi sindinakwiye, ndaseka usiku wonse. Koma ndaganizanso. Mbuzi munaitenga, ndinatsata mapazi n'kuipeza chifukwa kusukulu ndi pafupi. Mwana wanga wamkazi ndi mmodzi yekhayu. Mukapita naye ku Nambuma, ine ndikamufuna, miyendo yangayi ikafika?"

Apa m'pamene ndinazindikira kuti maulendo atatu a ankhoswe aja sanalephere chifukwa cha khalidwe langa. Munthu wanzeru akanakhala chete, kapena kulonjeza kuti tizibwera mwezi ndi mwezi. Ankhoswe anga anali atatsegula kale pakamwa kuti anene zomwezo, koma pakamwa panga panafulumira.

"Mayi, pano muli ndi njinga."

Ankhoswe anandiponda chala, koma mawu anali atatuluka. Apongozi anamwetulira.

"Mwanena zoona. Koma ine kupalasa sinditha, mchimwene wangayu ali ndi nyamakazi. Wopalasa ndinu. Ndiye mwini njinga akhale kuno, wopalasa akhale ku Nambuma? Za chitengwa tidzakambirana njingayi ikadzatha."

Malume anaomba m'manja kutseka nkhani, ndipo ankhoswe anga ananyamuka osanditsanzika.

Papita zaka zisanu tsopano. Nyumba yanga ya ku Nambuma mukugona mphwanga, ine ndikadali pano. Lamulungu lililonse ndimawapalasa apongozi kupita kutchalitchi, Lachitatu kumsika, ndipo akamva m'thupi timafika mpaka kuchipatala cha ku Namitete. Amakhala pakaliyala atagwira malaya anga, wezulo ali m'khosi, ndipo ndikathamanga pamtsetse amandiimbira m'khutu. Nkhani zonse zimene anasunga zaka zisanu ndi ziwiri amandiuza m'njiramo, za malemu amuna awo, za ubwana wa Nambewe, za amene amaimba mokweza kukwaya chonsecho mawu alibe. Nthawi zina ndimaseka mpaka kuphonya njira.

A Jelemiya anandilangiza kuti ndizingoisiya pamvula njingayo, dzimbiri lindithandize. Ndinavomera kuti ndi nzeru. Koma boma limene limatigulira matochi ofa sabata yomweyo, pa njinga iyi linagula yeniyeni, moti sinathyoke ngakhale sipoko imodzi. Ndipo dzulo madzulo Nambewe anandipeza kuseri kwa nyumba, popanda wondituma, ndikuithira oyilo.